Anachisi a pa dzenje la njerwa

Dzulo tinali ku sadaka ya Anachisi, ya masiku makumi anayi chimwalirire. Tinakhala pamikeka kuseri kwa nyumba ya mwana wawo, amayi a kumzikiti mbali iyi, ife a kumadimba mbali iyo, ndipo aliyense amene anatsegula pakamwa ananena zokoma zokhazokha. Wina anati anali opatsa. Wina anati sanayambanepo ndi munthu. Apo ndinaweramitsa mutu, chifukwa ine anayambana nane kambirimbiri, ndipo wonenayo akudziwa bwino. Ndikanati ndinene zoona, ndikanati amayi amenewa ndinawachitira nsanje zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ngakhale pano agona, nsanjeyo sinandichoke.

Dzina lawo lenileni linali Abiti Jafali. La Anachisi tinawapatsa ndife kuno ku Chinsapo. Atangofika, munthu akawafunsa kwawo ankangoti ku Chisi, ndipo ife a ku Dowa ndi ku Ntchisi tinkayesa akutchula mfunda. Tinadzamva pambuyo pake kuti Chisi ndi chilumba cha pa nyanja ya Chilwa, ku Zomba, kumene munthu amafikako pa bwato. Apo n'kuti dzina litakakamira kale, ndipo eni ake sanalikane.

Anabwera nawo ndi mwana wawo Yusufu, telala wa pamsika, bambo ake atamwalira. Iye ankafuna kuti mayi ake apume. Anawagulira mpando wa pulasitiki ndi kawailesi, n'kuwakhazika pakhonde. Anapirira sabata imodzi. Lolemba lotsatira ndinawapeza ataima kumadimba kwathu, manja kumbuyo, akuyang'ana mpiru wanga ngati munthu amene waona mwana wa mnzake akudwala koma akuopa kunena.

"Mwaswera bwanji, amayi?" ndinatero.

"Ndaswera. Dimba ili ndi lanu?"

"Langa."

"Mumathirira dzuwa lili pamutu?"

"Ndimathirira ndikapeza mpata."

"Oho," anatero.

Malo amene timalimawo ali m'mphepete mwa mtsinje wa Lilongwe, kumunsi kwa nyumba zomalizira. Mwini wake ndi bambo wina wa ku Area 47 amene amatilola kulimapo mpaka tsiku limene adzafune kumangapo. Tilipo amayi khumi ndi awiri. Ine ndinali mwa oyamba, choncho langa linali dimba labwino kuposa onse, lapafupi ndi madzi, nthaka yakuda. Kumtunda kwa langa kunali malo amene anyamata ankaumbapo njerwa kale: dzenje lalikulu, zidutswa za njerwa zili mbwee, ndi katondo wouma gwa ngati simenti. Anzanga anandiuzapo kuti ndikulitsire dimba langa kumeneko. Ndinaseka, ndikuti pamenepo ngakhale chisoso chingakane kumera.

Ndiye Anachisi atafunsa ngati pangapezeke poti nawonso akandeko, ndine amene ndinawalozera pa dzenjepo. Ndinachita dala, chifukwa cha "oho" uja. Ndinkafuna ndione ngati adzathirire usiku kapena m'mawa njerwa zawozo.

Anali aafupi, oonda, miyendo ngati bango, koma mapazi aakulu ong'ambikang'ambika. Masilipasi ankawavula akangochoka pamsewu n'kuwasenza pamutu, akuti amenewo ndi a kumzikiti ndi kuchipatala, asathere m'matope. Miyezi iwiri yoyamba sanabzale kanthu. Ankangotola zidutswa za njerwa chimodzichimodzi n'kumaziyala m'mizere yopingasa potsetsereka. Kwawo, ankatero, munda ndi miyala, ndipo mwala suutaya, umauuza poti ukhale kuti ugwire dothi. Dzenje lija analikumba kuwonjezera, nalifunditsa mapesi ndi udzu kuti madzi a mvula asathe ndi dzuwa.

Madzulo msika ukamatha ankayenda ndi thumba m'mabenchi. Ankatola mamba a nsomba, nthenga kwa ogulitsa nkhuku, makoko a nthochi, phulusa kwa anyamata a chiwaya. Ana ankawatsatira akuimba kuti agogo apenga. Yusufu zinkamuchititsa manyazi, moti anabwera kudzandidandaulira kuti ndiwalankhule, poopa kuti anthu aziti sawadyetsa. Sindinawalankhule. Tsiku lina ndinawapeza akulephera kukweza thumbalo, ndipo ndinawasenza. Linali lonunkha koopsa. Ndinawafunsa kuti za chiyani zonsezi.

"Chakudya cha nthaka," anatero. "Inu mumaipatsa mchere wa m'sitolo uja. Mchere umakometsa, koma sukhutitsa."

Ankatanthauza feteleza. Ankamunyoza ngati mmene ankanyozera nsomba za m'tauni muno, zimene ankati zikakwera minibasi si nsombanso.

Chaka chachiwiri pa dzenje la njerwa panamera zinthu. Panali mpiru wa masamba otambalala ngati mbale, therere, mawungu oyanga pamizere ya njerwa, chinangwa m'malire, ndi nandolo amene ambiri a ife tinkangomuona pamsika. Sankabzala mbewu imodzi pamzere ngati ife. Zonse zinali pamodzi, chipwirikiti, moti ukayang'ana unkati ndi tchire. Pa chilumba, ankati, ukabzala mbewu imodzi n'kukanika, palibe minibasi yoti ukwere kukapempha kwa achibale.

Amayi ooda ndiwo zokagulitsa kumsika anali makasitomala anga kuyambira kale. Anayamba kumandipatsa moni wabwinobwino n'kudutsa. Njira yopita kwa Anachisi inkadutsa m'dimba mwanga, ndiye ankaponda m'mphepete mwa mabedi anga ndi madengu opanda kanthu, n'kubwereranso pomwepo madengu atadzaza. Zimenezo ndinkapirira. Chimene sindinapirire chinachitika kunyumba. Ndinadwala malungo masiku angapo, ndipo Anachisi ananditumizira bonongwe. Amuna anga atalawa anaika dzanja pansi.

"Lero ndiye kwaphikidwa ndiwo, mayi."

"Ndi wa kwa Anachisi," ndinatero.

"Ndiye chifukwa chake," anatero, n'kupitiriza kudya. Zaka makumi awiri ndikuwathyolera masamba a m'dimba mwanga, mawu otero anali asanatulukepo m'kamwa mwawo.

Musaganize kuti Anachisi anali mngelo monga ankanenera dzulo pa sadaka. Anali ndi pakamwa. Mbewu zawo ankasunga m'timabotolo ta mankhwala a chifuwa, atazisakaniza ndi phulusa, ndipo ukapempha sankakupatsa. Ankati ubwere mawa ndi khasu, ugwire nawo ntchito mpaka dzuwa likwere, ukatero ndiye ankakutapira pang'ono m'dzanja. Ena ankapita. Ine sindinapiteko ngakhale tsiku limodzi. Ndipo tsiku limene ndinatsukira pampu yanga yopopera mankhwala m'dzenje lawo la madzi, anandithamangira ndi phesi m'manja ngati ndine mwana. Anayamba m'Chichewa, chitawachepera analowa m'Chiyao, ndipo madimba onse anaimika makasu kumvetsera. Ine ndinawabwezera kuti dzenjelo analipeza, sanabwere nalo pa bwato. Tinatha mwezi osapatsana moni. Anakapa madzi onse aja ndi chidebe, okha, masiku atatu, ine ndikuona.

Malo amodzi okha ndi amene ndinkawaposa, pamsewu wa tala. Mayi amene ankanena kuti kwawo ankapirikitsa mvuu m'munda wa mpunga ndi chitini ndi muuni wa moto, akafika pamsewu miyendo inkauma. Ankaima ngakhale theka la ola, kuyang'ana uku ndi uku, kabaza akuwaimbira belu, mpaka wina awagwire dzanja. Nthawi zambiri dzanjalo linali langa, ngakhale mwezi umene sitinkayankhulana uja. Ndinkawaolotsa pang'onopang'ono kuti anthu aone bwino. Tikafika tsidya linalo ankachotsa dzanja lawo, aliyense n'kulowera kwake.

Za kwawo sankakonda kukamba. Ndinazimva kamodzi kokha, chaka chimene mtsinje unasefukira. Mvula inagwa masiku atatu osalekeza, ndipo titapita kumadimba tinapeza palibe dimba la munthu. Langa linali mchenga ndi majumbo okodwa m'ziputu. Lawo madzi anadya theka, nandolo atagona pansi. Ndinakhala pa chulu n'kuyamba kulira mokweza, chifukwa tomato wanga anali atatsala sabata imodzi kuti ndiyambe kuthyola. Nditapukuta m'maso ndinawaona ali m'matope mpaka m'mawondo, chitenje atakwinyira m'chiuno, akubzala mphukira za mbatata m'dothi limene madzi anasiya.

"Anachisi, simukuona kuti zonse zapita?"

"Ndaona. Koma taonani dothi labwerali, amake Chisomo. Limeneli mungaligule kuti?"

"Inu mtima wanu ndi wa mwala."

Anawongoka, nandiyang'ana. Kenako anabwera kudzakhala pambali panga, nayamba kukamba akuchotsa matope m'zala.

Anati chaka china nyanja ya kwawo inauma. Inkathawa pang'onopang'ono, mpaka mabwato anagona pamatope. Nsomba zitatha amuna anachoka, ena ku Zomba kukafuna ganyu, ena ku Mozambiki, ena ku nyanja zina. Pachilumba panatsala amayi, ana ndi nkhalamba. Pakati pa chilumba ndi kumtunda panali matope oti bwato silingayende, munthunso sangayende bwino. Ndiye amayiwo anayamba kutsatira madzi. Pamene nyanja yachoka sabata ino, iwo ankayala bango kuti asatitimire, n'kugwada pamenepo kubzala chimanga, mawungu ndi mbatata. Nyanja ikasuntha, nawonso ankasuntha.

M'chaka chomwecho kunagwa matenda otsegula m'mimba, chifukwa madzi akumwa anali oipa. Mwana wawo wamkazi, Asiyatu, wa zaka zisanu ndi chimodzi, anadwala. Anamubereka kumbuyo kuti apite naye kuchipatala kumtunda, nayenda m'matopemo kuyambira m'mawa. Dzuwa litapendeka anamva kuti mwana walemera mwa mtundu wina. Sanamutsitse. Anatembenuka n'kubwerera naye ku chilumba.

"Titaika maliro, mawa lake ndinapita kukapalira," anatero. "Anthu anandinena. Koma Yusufu anali ndi zaka zitatu, ndipo ankafuna kudya."

Anati mvula itabwera nyanja inabwerera mwamsanga chimanga chisanaume, ndipo anakolola ali m'bwato, kuthyola zinsononkho zimene zinatsala pamwamba pa madzi. Atanena zimenezo anaseka pang'ono, nadzuka kubwerera ku mbatata zawo.

Munthu wabwino akanamva chisoni chokha. Ine chisoni ndinamva, koma pansi pake panali china. Ndinaganiza kuti mayi ameneyu wandiposa ngakhale pa mavuto. Ine ndikulirira tomato.

Koma chimene chandilembetsa zonsezi chinachitika kusefukira kuja kusanachitike, chaka chawo chachisanu kumadimba. Mvula inadula msanga, ndipo pofika Okutobala mtsinje unatsala timadzi ta m'maenje a anyamata okumba mchenga. Zitsime zathu zinauma chimodzichimodzi. Mpiru wanga unachita chikasu n'kupsa. Madimba onse anali otuwa, kupatula limodzi, lakumtunda kwenikweni, lakutali ndi mtsinje kuposa onse. Linali lobiriwira moti linkapweteka m'maso.

Tsiku lina tili pamzere wa madzi ku kiyosiki, Nabanda, amene dimba lake lili kumunsi kwa langa, anati sakumvetsa kuti agogo aja amatani. Ine ndinayankha motsitsa mawu.

"Inu simudziwa anthu a kunyanja? Nthenga za nkhuku zija mumayesa amapita nazo kuti? Kunjaku kuli kukawa, amayi."

Kukawa ndi kuja amati munthu amakoka mbewu za m'minda ya anzake ndi mankhwala kuti zikakhale m'munda mwake. Sindinkakhulupirira zimene ndinkanenazo. Ndinkadziwa bwino lomwe kumene nthenga zinkapita, poti thumba lija ndinawasenza ndine. Ndinkangofuna kuti dzina lawo lide pang'ono, kuti ooda ndiwo aja achite mantha abwerere kwa ine.

Mawu aja anayenda kuposa mmene ndinkafunira. Patatha masiku anayi nkhani inali yoti Anachisi amawaona ali maliseche m'madimba a anthu, kuti amakwirira mitu ya nkhuku, kuti mwana wa uje amene anadwala anadya therere lawo. Loweruka m'mawa ndikuthirira timadzi tanga ta m'chigubu ndinamva phokoso. Kunkabwera gulu: amayi a kumadimba, ena a kumsika, ndi anyamata okumba mchenga atanyamula mafosholo. Awiri anali ndi miyala m'manja. Ndinali nditamvapo zimene zimachitikira nkhalamba zikanenedwa zotere. Yusufu anali kumsika. Panalibe wowaimira.

Anachisi anali atagwada akuzula udzu. Anadzuka, napukuta manja pachitenje.

"Takulandirani. Kwagwanji?"

"Mutiuze chimene munakwirira muno!" anakuwa mnyamata wina. "Madimba a anthu apsa, lanu lokha bwanji?"

"Wanena ndani kuti ndinakwirira kanthu?"

Mitu inatembenukira kwa ine. Nabanda anandiyang'ana m'maso. Ndinafuna nthaka ing'ambike. Anachisi nawonso anandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti akudziwa, mwina ankadziwa kuyambira tsiku loyamba. Anatola khasu lawo, nadutsa pakati pa anthuwo mpaka pamalire, n'kundipatsa.

"Amake Chisomo, bwerani mukumbe ndinu. Ine akati ndabisa. Kumbani paliponse pamene mukufuna."

Ndinalowa m'dimbamo. Ndinakumba pakati pa mpiru. Pamwamba panali udzu wouma wokhuthala. Pansi pake khasu linalowa ngati mu ufa, ndipo dothi linatuluka lakuda, lonyowa, nyongolotsi zikuphiriphitha. Munali timafupa ta nsomba, zotsalira za nthenga, makala. Nditakumbanso khasu linagunda chigubu chakale cha mafuta ophikira, chokwiriridwa mpaka m'khosi, chobooledwa timabowo m'mbali.

"Icho!" anakuwa mnyamata uja. "Mankhwala aja ndi amenewo!"

Gulu linasuntha kubwera kutsogolo. Anachisi anagwada, natsegula chigubucho, naviika dzanja, namwa madziwo pamaso pa onse. Kenako anatapanso ena n'kumulozera mnyamatayo.

"Imwa, mwanangu, kwatentha. Ndi madzi a m'dzenje umo. Ndikathira muno amatuluka pang'onopang'ono kumizu, dzuwa osawaona. Zigubu zotere zilimo makumi atatu. Ukafuna ufukule zonse, koma ukatha uzikwirirenso."

Wina anaseka kumbuyo. Anachisi anaitana amayi mmodzimmodzi kuti agwire dothilo, ndipo Nabanda anali woyamba kulowetsa dzanja mpaka m'chigongono. Anangoti, "Mayo, kuzizira." Koma mayi wina wa kumsika anaumirira.

"Nanga nthengazi? Nthenga za nkhuku zimafuna chiyani m'munda?"

Apo Anachisi anatembenukira kwa ine. Ndinadziwa kuti nthawi yanga yakwana. Akanangonena mawu amodzi, gulu lomwelo likananditembenukira, ndipo ku Chinsapo ndikanasamuka.

"Afunseni amake Chisomo," anatero. "Awa ndi mnansi wanga, amadziwa zonse. Si inu munandisenza thumba lija kumsika? Ndinakuuzani kuti n'za chiyani?"

"Munati ndi chakudya cha nthaka," ndinatero, mawu akutuluka ngati a munthu wina.

"Mwamva? Awa ndi mboni yanga."

Miyala inagwa pansi mwakachetechete. Anyamata anabwerera ku mchenga wawo. Amayi ena anatsalira kufunsa za zigubu, ndipo iwo anawayankha mmodzimmodzi ngati palibe chachitika. Ine ndinaima pomwepo ndi khasu la eni m'manja. Onse atapita anabwera kudzalitenga. Atalilandira, khasulo linawapulumuka m'manja n'kugwa. Ndinatsegula pakamwa kuti ndipepese.

"Mwaponda mpiru wanga," anatero. "Tulukani bwino."

Nkhani imeneyi sanaitchulenso mpaka imfa yawo. Ngakhale tsiku limene tinatukwanizana za pampu lija, limene linabwera pambuyo pake, anandinena zonse za padziko koma iyi ayi. Ndinkadikira chaka ndi chaka kuti tsiku lina adzandiponyera kumaso, tidzakhale ofanana. Sanatero. Anthu amati kukhululukiridwa kumapepuza mtima. Ine kunandilemera kuposa thumba lija.

Kuchokera pamenepo amayi a kumadimba anayamba kulimbirana zinyalala za kumsika. Nabanda anakhala wophunzira wawo wapamtima, kupita ndi khasu m'mawa uliwonse, mpaka dimba lake nalonso linaposa langa. Ndinkawamva akuseka awiriwo kuseri kwa nandolo, Nabanda akuyesera mawu a Chiyao, ndipo zinkandiwawa ngati ndalandidwa kanthu, chonsecho ndine ndinkakana. Kufunsa sindinafunse. Ndinkangoonera m'mbali mwa diso n'kumachita mobisa. Ndinakwirira zigubu mozama kwambiri, mizu osafikako. Anachisi anaima pamalire, nayang'ana, kenako anayamba kuyankhula ndi chinangwa chawo mokweza.

"Anthu ena amakumba ngati manda. Chonsecho pofunika pongofika m'chigongono basi."

Umo ndi mmene anandiphunzitsira zonse zimene ndikudziwa, kudzera mwa chinangwa. Ine sindinathokoze, iwonso sanayembekezere.

Anayamba kudwala chifuwa m'nyengo yozizira yapitayi. Anakakamira kubwera kudimba mpaka tsiku limene Nabanda anawapeza atakhala pansi, akulephera kunyamula kheni yothirira. Anagona masabata atatu. Ndinapita kukawaona kamodzi. Anali atachepa kwambiri pamphasa paja, moti ndinayamba ndayang'ana bulangete ndisanawaone. Yusufu anawauza kuti kwabwera amake Chisomo. Anatsegula maso.

"Kumadimba kuli bwanji?"

"Kuli bwino, Anachisi. Tikukudikirani."

"Anyezi wanu chaka chino wandiposa," anatero. "Ndinamuona."

Ndinabwerera kunyumba ndikumwetulira ndekha m'njira ngati mwana amene wakhoza mayeso. Zaka khumi ndi chimodzi ndinkadikira mawu amenewo. M'mawa mwake ndinapita pamalire, ndinazula anyezi wanga mmodzi, n'kuyang'ana wawo amene anali atatha masabata osasamalidwa. Wawo anali wamkulu. Anandinamiza. Ndinakhala pansi pomwepo, osadziwa ngati ndilire kapena ndikwiye.

Anamwalira Lachinayi m'mawa, ine nditapita kukagulitsa ku Area 36. Monga mwa chipembedzo chawo sanachedwe nawo. Pamene ndinkatsika minibasi madzulo n'kuti amuna akuchokera kumanda. Anachisi ankafuna kukagona ku Chisi pafupi ndi Asiyatu, koma ulendo wake unali wautali. Agona kuno, m'katondo.

Dzulo sadaka itatha, ndikuvala nsapato kuti ndizipita, Yusufu ananditsatira mpaka pampanda.

"Amayi, pepani, pali uthenga wanu. Mayi anati dimba lija mutenge ndinu."

"Ine? Osati Nabanda?"

"Nanenso ndinawafunsa choncho. Anati Nabanda ali ndi manja, adzapanga lake. Koma dimba lija palibe munthu amene waliyang'ana kwambiri kuposa inu."

Sindikudziwa ngati ankandiseka kapena ankandidalitsa. Powadziwa, mwina zonse ziwiri.

Lero m'mawa ndinapitako. Ooda ndiwo anabwera, ndipo onse anaima pa ine, popeza kumtunda kulibenso chothyola. Madengu anadzaza, anandiyamikira mpiru, ine osamva kukoma kulikonse. Atapita ndinakwera mpaka pamalire n'kuima. Mbuzi zathyola mpanda mbali ya kumsewu ndipo zadya nsonga zonse za therere. Tomato wapsera pamitengo, wina wagwa n'kuphulika, ntchentche zili ng'waa. Mpiru wakula mpaka m'chiuno n'kuchita maluwa achikasu. Pakona, pansi pa nthochi, pali kamalo kosalala kamene ankayalapo thumba popemphera masana. Ndinali ndisanakaonepo bwino, chifukwa nthawi imeneyo ndinkayang'ana kumbali. Dothi lake ndi lolimba, lopanda udzu, ndipo lili ndi timaenje tiwiri tating'ono pamene pankafika mawondo. Udzu wayamba kulowerera kuchokera m'mbali. Ndinaima pamenepo mpaka dzuwa linanditentha m'khosi, ndipo sindinalowe.